Funsani a Zaumoyo: Ubongo ukavulala, thupi limaloza pamene pavulalapo

Makalata ambiri amene atipeza mwezi uno kuchokera ku Mangochi akufunsa za m'mutu. Wina bambo ake afa ziwalo, wina mng'ono wake anagwa pa kabaza, wina mwana wake sakuona chidwalireni malungo. Tawaika pamodzi chifukwa onsewa akukhudza chiwalo chimodzi, ubongo. Akuyankha ndi madokotala ndi a mafizo amene amathandiza tsamba lino. Mayina a olemba tawabisa, ndipo makalata ena tawafupikitsa.

Bambo anga a zaka 61 anadzuka m'mamawa kuti apite ku mzikiti, koma anagwa pakhomo. Pakamwa panakhota, mkono ndi mwendo wakumanja zinalobodoka. Tikamawalankhula amamva ndithu, koma iwo amangoti "basi, basi". Kuchipatala anati ndi sitiroko ndipo vuto lili kumanzere kwa mutu. Nanga bwanji mbali yakufa ili yakumanja? Achibale akuti adokotala asokoneza, bambo anachita kupondetsedwa mankhwala. — Mayi wa ku Namwera

Pepani mayi ndi matendawa. Adokotala sanasokoneze, ndipo kalata yanu yomweyi ikuwachitira umboni.

Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi magalamu 400, osakwana paketi imodzi ndi theka ya shuga. Ndi wofewa ngati phala logona, koma muli maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Chigawo chake chachikulu, chimene madokotala amati cerebrum, chadzaza chigaza kuyambira pamphumi mpaka kunkhongo, ndipo ndi chogawika pakati ngati njere ya mtedza: theka lamanzere ndi theka lamanja. Kunsi kwake cha kunkhongo kuli kachigawo kena, cerebellum, kamene kamathandiza kuti munthu asadzandire poyenda, ndi kuti mbamu ya nsima ifike pakamwa osaphonya. Mowa ukakwera, kachigawo kameneka kamasokonekera, paja woledzera amayenda dzandidzandi. Chachitatu ndi tsinde la ubongo, lonenepa ngati chala chachikulu cha kudzanja, lolumikiza ubongo ndi chingwe cha minyewa chotsika m'kati mwa mafupa a msana. Tsinde limeneli limayendetsa kupuma, kugunda kwa mtima, kumeza ndi kukhala maso.

Lamulo loti chiwalo chinyamuke limachokera pa kamzere ka ubongo kotsika kuchokera paliwombo kulowera kukhutu. Pamwamba pa kamzereka ndi pa mwendo, pakati ndi pa mkono, pamunsi ndi pa nkhope ndi lilime. Minyewa yonyamula lamulolo ikafika kumunsi kwa tsinde la ubongo, yambiri imaolokera tsidya lina. Ndiye theka lamanzere limalamulira mbali yakumanja ya thupi, lamanja limalamulira yakumanzere. Yankho la funso lanu ndi limeneli.

Kusalankhulako kukuloza komweko. Mwa anthu 100 odyera dzanja lamanja, oposa 90 mawu amawapangira kutheka lamanzere. Dokotala wa ku France, Paul Broca, anasonyeza zimenezi mu 1861. Anali ndi wodwala ku Paris amene ankamva zonse koma ankangotha kunena liwu limodzi, "tan". Atamwalira, Broca anapeza chilonda kutsogolo kwa theka lamanzere. Malo amenewa agundizana ndi a nkhope ndi mkono, ndipo onsewa amadyetsedwa ndi mtsempha umodzi wa magazi. Mukaonetsetsa mwina mupeza kuti mkono wa bambo wafooka kuposa mwendo, chifukwa malo a mwendo amalandira magazi kuchokera kumtsempha wina. Za kupondetsedwa sitikangana ndi achibale anu pano. Tingofunsa: mankhwala opondedwa ndi phazi angasankhe bwanji pakamwa, mkono ndi mawu, zinthu zogawana mtsempha umodzi, n'kupeputsira mwendo womwe unapondawo?

Palinso vuto lina la mawu limene Carl Wernicke wa ku Germany analongosola mu 1874. Pakaonongeka chakumbuyo pang'ono, pamwamba pa khutu, wodwala amalankhula kwambiri koma zosagwirizana, ndipo samva tanthauzo la zimene mukumuuza. Ameneyu ndiye amanamiziridwa misala, n'kumangidwa zingwe, pamene ali ndi sitiroko.

Sitiroko imabwera chonchi. Ubongo ndi magawo 2 okha pa 100 a kulemera kwa thupi, koma umadya magawo 20 pa 100 a mpweya wabwino umene timapuma, ndipo susunga chakudya cha mawa. Magazi amakwera kudzera m'mitsempha inayi ya m'khosi, iwiri kutsogolo, iwiri kumbuyo, okwana mamililita pafupifupi 750 pa mphindi, mabotolo awiri ndi theka a Fanta. Nthambi imodzi ikatsekeka ndi magazi oundana, kapena ikaphulika, chigawo chodalira nthambiyo chimayamba kufa m'mphindi zochepa. Kutsekeka ndi kuphulika zimaoneka mofanana kunja; chosiyanitsa bwino ndi makina ojambula mutu a CT. N'chifukwa chake si bwino kumwetsa asipirini munthu amene wangogwa kumene: pa mtsempha wotsekeka amathandiza, pa wophulika amaonjezera kukha magazi. Chimene chimaononga mitsemphayi koposa ndi BP, kenako shuga, fodya, mtima wogunda modumphadumpha, ndipo kwa achinyamata, HIV yosamwera mankhwala. BP yofika 140/90 poyeza masiku osiyanasiyana ndi yokwera, ngakhale munthu asamve mutu.

Tsopano ntchito ya pakhomo, chifukwa ambiri amene amamwalira m'masabata otsatira si sitiroko yeniyeniyo imawatenga, koma chibayo ndi zilonda.

Kumeza kuyesedwe. Akhazikeni tsonga, apatseni madzi kasupuni kamodzi ka tiyi, dikirani. Akatsokomola, akatsamwa, kapena mawu akamveka ngati muli madzi pakhosi, ndiye kuti madzi akulowera kumapapo. Auzeni achipatala tsiku lomwelo. Phala lolimbirako limamezeka bwino kuposa madzi kapena tiyi. Adyetseni pang'onopang'ono kutsaya lamphamvu, musawagoneke mpaka patatha mphindi 30, ndipo chotsani zotsalira kutsaya lofooka, chifukwa iwo sazimva.

Ngati sakutha kudzitembenuza, atembenuzeni maola awiri aliwonse, usiku womwe. Yang'anani pa zidendene, m'chiuno ndi kumapeto kwa msana. Malo ofiira kapena akuda kuposa khungu lina, osabwerera mukadina ndi chala, ndi chilonda chikuyamba.

Musawadzutse powakoka mkono wakufawo. Minofu yogwira phewa yafooka, phewa limaguluka, ndipo ululu wake umalepheretsa mafizo kwa miyezi. Agwireni m'chiuno ndi kumsana, mkonowo muutsamiritse pa pilo. Pindani ndi kuongola zala, chigongono, bondo ndi kakolo mofatsa, kakhumi paliponse, kawiri kapena katatu pa tsiku, monga a mafizo a ku chipatala cha boma akusonyezereni. Kuchira kwambiri kumaoneka m'miyezi itatu yoyamba, kenako kumapitirira mochedwa, choncho miyezi imeneyi isathere pa mphasa kapena poyendayenda kukatemetsa mphini.

Polankhula nawo musakuwe, si ogontha, ndipo musawasandutse mwana. Afunseni zoyankha eya kapena ayi, apatseni nthawi. Yesani kuwerenga nawo manambala, kuimba, kapena kunena nawo mapemphero amene analoweza kalekale. Zoloweza zimatuluka ngakhale mawu wamba akukanika, ndipo ndi poyambira pabwino.

Mankhwala a BP amwe tsiku lililonse, si pokhapokha mutu ukawawa. Mchere wa tsiku lonse usapitirire magalamu 5, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera wa mu nsomba zouma. Soda wa mu therere nayenso amakweza BP. Ramadhani ikayandikira, kambiranani ndi adokotala za nthawi yomwera mankhwala, osangosiya. Ndipo wina aliyense m'banjamo pakamwa pakakhota, mkono ukafooka kapena mawu akasokonekera, ngakhale zithe zokha pa mphindi khumi, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Imeneyo ndi sitiroko yochenjeza, yaikulu imakonda kutsatira m'masiku ochepa.

Mng'ono wanga wa kabaza anawomba mbuzi cha ku Mpondasi, n'kumenyetsa mutu pa phula, chipewa atachikoleka pa handulo. Anakomoka pang'ono, n'kudzuka akuseka, n'kubwera yekha kunyumba. Madzulo anayamba kusanza, kenako anagona osadzutsika. Anamutumiza ku Blantyre komwe anamuchita opaleshoni, ndipo wapulumuka. Munthu wodzuka bwinobwino angakomokenso bwanji patapita maola asanu? — Bambo wa pa Boma

Achimwene, kukomoka koyambako kunali kugwedezeka kwa ubongo. Kwachiwiriko kunali magazi.

Chigaza cha munthu wamkulu sichitamuka. M'kati mwake muli zinthu zitatu zokha: ubongo, magazi a m'mitsempha, ndi madzi oyera pafupifupi mamililita 150 amene ubongo umayandamamo. Ubongowo unakutidwa ndi zikuto zitatu, chakunja cholimba ngati chikopa cha ng'oma. Palitsipa, pakati pa diso ndi khutu, fupa ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi. Fupalo likang'aluka limacheka mtsemphawo, magazi n'kuyamba kusonkhana pakati pa fupa ndi chikuto cholimbacho.

Poyamba thupi limapereka malo: limakankhira ena mwa madzi aja kumsana. Nthawi imeneyi ndi imene mng'ono wanu ankaseka. Malo akatha, dontho lililonse loonjezera limafinya ubongo ndi kuukankhira pansi, kutsinde lija loyendetsa kupuma ndi kukhala maso. Magazi okwana masupuni aakulu awiri, mamililita 30, ndi okwanira kuti madokotala akonzekere kutsegula chigaza. Opaleshoniyi ikachitika msanga, munthu amatha kuchira kwathunthu, chifukwa ubongo unangofinyidwa. Vuto lathu ndi mtunda: kuchoka pa Boma kukafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190, ndiye maola amene wovulala amathera kunyumba "akupumula" ndi omwe akanakhala a pamsewu.

Aliyense amene wakomoka atamenya mutu, ngakhale kamphindi, kapena sakukumbuka chimene chachitika, aonedwe kuchipatala. Akabwezedwa kunyumba, pakhale munthu wosamwa mowa womuyang'anira maola 24, womudzutsa usiku kangapo ndi kumufunsa dzina lake ndi kumene ali. Bwererani mothamanga akasanza kawiri kapena kuposa, mutu ukamakulirakulira, akamavuta kudzutsa, akayamba kuphupha, mbali imodzi ikafooka, kapena m'mphuno ndi m'khutu mukamatuluka madzi oyera kaya magazi. Muunikeni m'maso ndi tochi ya foni: kadontho kakuda kapakati pa diso limodzi kakakula kuposa kanzake, osachepa ndi kuwala, ubongo wayamba kale kukankhidwa. Wa mutu amwe panado yekha. Asipirini, bulufeni ndi dikilofenaki zimachedwetsa kuundana kwa magazi. Mukamva achipatala akutchula GCS, ndi muyeso wa kukomoka: 15 ndi munthu wabwinobwino, 3 ndi wotsikitsitsa, ndipo 8 kutsika pansi ndi kuvulala koopsa.

Pamalo a ngozi, womenya mutu mumutenge ngati wathyokanso khosi. Musamukhazike pa njinga pakati pa anthu awiri, mutu uli lendelende. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usatembenuke, ena amugudubuzire pa thabwa kapena chitseko thupi lonse pamodzi.

Kwa agogo ndi akumwa mowa kwambiri zimayenda mwakachetechete. Timitsempha tawo timaduka ndi kugunda kochepa, ngati kumenya mutu pakhomo la khitchini, ndipo magazi amadontha kwa masabata. Gogo amayamba kuiwala, kusinza masana, kukoka mwendo, abale n'kumati ndi ukalamba, pamene kabowo kakang'ono pachigaza kakanatulutsa magaziwo.

Za chipewa: chosamanga lamba kuchibwano chimauluka mutu usanafike pansi. Chimene chinagundapo kale mwamphamvu chitayidwe ngakhale chikuoneka chabwino, chifukwa chofewa cha m'katicho chimaphwanyika kamodzi kokha. Chipewa cha amisiri omanga nyumba si cha njinga.

Amuna anga anamenyedwa ndi chitsulo pamphumi chaka chatha. Bala linapola, akuyenda, akulankhula. Koma si iwo aja. Amatukwana pamaso pa apongozi, ndalama ya katundu wa m'shopu amaimwaza tsiku limodzi, masiku ena amangokhala pakhonde osasamba. Kodi ndi dala? — Mayi wa ku Monkey Bay

Mayi, kawirikawiri si dala. Kuseri kwa mphumi ndi kumene kumakhala mabuleki a munthu: kudziletsa, manyazi, kukonza za mawa, ndi mphamvu yoyamba ntchito popanda wokukankha. Kumeneku kukavulala, miyendo ndi mawu zimatsala bwinobwino, chosintha ndi khalidwe. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Phineas Gage, kapitawo wa omanga njanji ku Vermont, m'dziko la America. Mu 1848 chitsulo chotalika kuposa mita imodzi chinamulowa patsaya lamanzere n'kutulukira pamwamba pa mutu. Anakhalabe ndi moyo mpaka 1860, koma dokotala wake analemba kuti munthu wodalirika uja anasanduka wamwano ndi wosakhazikika maganizo. Chowawa n'chakuti chigawo chomwe chavulalacho ndi chomwenso chimathandiza munthu kuona kuti walakwa, ndiye kukangana nawo sikupindula.

Yesani kamodzi kuwanunkhizitsa sopo kapena khofi atatsinzina. Minyewa ya fungo imadutsa pansi pa chigawo chomwechi, ndipo ambiri ovulala pamphumi fungo limawathawa osadziwa.

Chothandiza ndi dongosolo losasintha: nthawi imodzi yodzuka, yosamba, yodya. Apatseni ntchito imodzi pa nthawi, yotchulidwa bwino, monga "sesani pakhomo la shopu", osati "thandizaniko". Ndalama zazikulu ndi nambala yachinsinsi ya foni musunge inu kapena mbale wodalirika, iwo azigwira zochepa za tsikulo. Mowa ndi chamba zimachotsa mabuleki otsalawo. Afotokozereni ankhoswe ndi apongozi kuti ndi bala la m'kati. Pitani nawo kwa anamwino a matenda a maganizo ku chipatala cha boma. Alipo mankhwala ochepetsa ukali, ndipo aonenso ngati palibe khunyu yobisika. Koma akayamba kukumenyani inu kapena ana, matenda si chifukwa choti mupirire. Chokanipo kaye ndipo nenani.

Mwana wanga wa zaka 4 anadwala malungo n'kukomoka masiku atatu. Anatsitsimuka, koma patha mwezi sakuona. Maso ake ndi oyera bwinobwino, alibe ng'ala. Wayambanso kuluma anzake. Kodi ndi jakisoni anamuononga, kapena madzi a pamsana amene anamuchotsa? — Mayi wa ku Makanjira

Si jakisoni, mayi, ndipo si madzi a pamsana. Ziwirizi ndi zina mwa zimene zinamusunga.

Diso limangolandira kuwala. Kuona kwenikweni kumachitikira kunkhongo, kumapeto kwa ubongo, kumene minyewa yochokera m'maso imakathera. Kumeneko kukavulala, maso amaoneka abwinobwino, kadontho kakuda kaja kamachepa mukaunika, koma mwana saona. Khungu la mtundu umenewu likabwera ndi malungo, ana ambiri amayambanso kuona pang'onopang'ono m'masabata kapena miyezi, choncho musataye mtima. Muonetseni chinthu chimodzi chowala mtundu, ngati kapu yofiira, pafupi ndi nkhope, mukuchiyendetsa pang'ono, pamalo opanda phokoso. Katundu wa m'nyumba asasunthidwesunthidwe, moto ndi chitsime zitchingidwe. Kamuonetseninso kwa a maso.

Malungo amafika bwanji ku ubongo? Tizirombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira a magazi n'kuwachititsa kumata. Maselowo amakakamira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, magazi n'kumayenda movutikira, ubongo n'kutupa. Zambiri zimene dziko lonse likudziwa pa nkhaniyi zinapezeka kwathu konkuno. Muyeso wa kukomoka kwa ana wotchedwa Blantyre Coma Score unakonzedwa ku Queen Elizabeth ndi Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo mu 1989. Umayambira 0 kufika 5, ndipo 2 kutsika pansi ndi kukomoka kwenikweni. Mu 2015 gulu la Taylor ndi Karl Seydel linafalitsa zimene linapeza litajambula ana 168 ndi makina a MRI: mwa ana 25 amene anamwalira, 21 anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Ubongo wotupawo umafinya tsinde lija, mwana n'kusiya kupuma.

Madzi a pamsana amatengedwa pofuna kudziwa ngati si matenda oumitsa khosi, amene amafanana ndi malungo a mu ubongo koma mankhwala ake ndi ena. Amatenga mamililita ochepa, kumunsi kwa msana kumene chingwe cha minyewa chatha kale, ndipo thupi limapanga madzi atsopano tsiku lililonse; la munthu wamkulu limapanga pafupifupi theka la lita. Mbiri yoipa ya kuchotsa madziku inabwera chifukwa amachotsedwa kwa odwala kwambiri, ena mwa iwo amamwalira ndi matenda omwe anabwera nawo.

Kulumako ndi ukali zimaoneka mwa ana ena opulumuka malungo otere, pamodzi ndi kusakhazikika ndi kuchedwa kugwira za m'kalasi. Kumumenya kumaonjezera. Khalaninso tcheru: khunyu imatha kuyamba patapita miyezi. Mukamuona akuyang'ana malo amodzi osayankha, akutafuna pakamwa popanda kanthu, kapena dzanja likugwedezeka lokha, nenani kuchipatala.

Kwa ana enawo, mwana wotentha thupi akaphupha, akalephera kuyamwa kapena kukhala tsonga, kapena akapanda kutsitsimuka patatha theka la ola ataphupha, musamumwetse LA kapena madzi, angatsamwe. Mugonekeni chammbali, mupakeni shuga wonyowetsa pang'ono kunsi kwa lilime, ndipo nyamukani. Kwa okhala kutali ngati kwanuko, alangizi a zaumoyo a kiliniki ya m'mudzi amatha kuika mankhwala a malungo a artesunate kunjira ya chimbudzi ya mwana. Amenewo ndi ongogulira nthawi ya paulendo. Chithandizo chenicheni ndi jakisoni pofika, wina patatha maola 12, wina patatha maola 24, kenako LA masiku atatu mwana akayamba kumeza. Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anayamba kupereka katemera wa malungo mu 2019. Amabayidwa kanayi, pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22, ndipo wachinayiyo ndi amene amaiwalika. Katemerayu salowa m'malo mwa neti.

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimapita ku chilimila. Ndimagwa khunyu. Ndisanagwe ndimamva fungo ngati la tayala lopsa ndi chinthu chokwera kuchokera m'mimba. Anzanga anasiya kudya nane mbale imodzi, akuti malovu anga ndi opatsirana. Mankhwala ndimamwa ndikagwa, ndikapeza bwino ndimasiya. Ndingachire? — Mnyamata wa ku Makawa

Achimwene, maselo a ubongo amatumizirana uthenga ndi mphamvu yonga magetsi. Khunyu ndi pamene gulu la maselo lithetheka lonse pamodzi mosalamulirika. Fungo ndi chokwera m'mimbacho ndi kugwa komweko kutayamba, kudakali pamalo amodzi, ndipo kukuloza chigawo cha m'mbali, kuseri kwa litsipa, kumene kumakhala fungo ndi chikumbumtima. Zikafalikira ubongo wonse ndi pamene mumagwa. Auzeni adokotala za fungolo, limawathandiza kusankha mankhwala. Inunso likakufikani, khalani pansi nthawi yomweyo, kutali ndi madzi ndi moto.

Khunyu sipatsirana. Malovu, thovu, mkodzo, mpweya wa m'mimba, mbale, palibe chonyamula matendawa. Imabwera ndi chipsera mu ubongo: kubanika pobadwa, malungo a ubwana, matenda oumitsa khosi, kumenya mutu, ndipo kwa ambiri chifukwa chake sichipezeka. Chinanso ndi mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, amene amakamera timatuza mu ubongo. Musati poti simudya nkhumba ndiye mwapulumuka. Mazirawo amachoka m'chimbudzi cha munthu amene ali ndi njokayo, n'kufika pakamwa kudzera m'manja, m'madzi kapena m'masamba osatsuka.

Bungwe la WHO limati anthu 7 mwa 10 a khunyu akhoza kusiya kugwa atamwa mankhwala moyenera. Mmene mukumweramu si moyenera. Phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate amagwira ntchito akakhala m'magazi pa mlingo wosasintha, ndiye amamwedwa tsiku ndi tsiku, nthawi imodzimodzi. Kusiya mwadzidzidzi kumaitana kugwa kotsatizana kosalekeza, kumene kumapha. Za kusiya zimakambidwa ndi adokotala munthu akatha zaka ziwiri osagwa, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono. Ngati muli pa ma ARV, nenani, chifukwa ena mwa mankhwalawa amafooketsa ARV yotchedwa dolutegravir. Kwa amayi, amafooketsanso mapiritsi olera ndi kulera kwa pamkono, pamene valproate amatha kuvulaza mwana m'mimba.

Tikuuzani mosabisa: musapite panyanja mpaka kugwa kutaletseka ndipo adokotala atavomera. Kusagona usiku wonse ndi chimodzi mwa zoputa khunyu zazikulu, ndipo wogwera m'madzi akuphupha samakuwa, amangomira. Gwirani za kumtunda, kusoka ukonde, kuyanika usipa pa thandala, koma osati kuwamba nsomba pamoto. Sambani ndi ndowa kunyumba.

Anzanuwo awerengereni izi. Munthu akagwa, chotsani zomuvulaza, ikani nsalu pansi pa mutu, onani nthawi pafoni. Musamupanikize, musamuike supuni, ndodo kapena chala m'kamwa. Lilime silimezeka, koma mano amathyoka. Musamuthire madzi. Kuphupha kukatha mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke, ndipo khalani naye mpaka azindikire. Kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala. Akagwera pamoto mukokeni msanga, simutenga kanthu.

Ana amamira kawirikawiri kuno ku Shire ndi ku Malombe. Tikamuvuula timamuzondotsa kuti madzi atuluke. Kodi ubongo umapirira nthawi yaitali bwanji popanda mpweya? — Mphunzitsi wa ku Chimwala

Aphunzitsi, maselo a ubongo amayamba kufa pakatha mphindi 4 mpaka 6 opanda mpweya, ndipo zikapitirira 10 mwayi wochira bwinobwino umakhala wochepa kwambiri. Oyamba kuonongeka ndi osunga zinthu zatsopano m'mutu, n'chifukwa chake wopulumuka mochedwa amakumbukira zakale koma amaiwala zimene wadya m'mawa. Kuzondotsa ndi kufinya mimba kumadya mphindi zimenezi, ndipo kumakankhira masanzi kumapapo. Madzi otulukawo ambiri ndi a m'mimba.

Mugonekeni chagada pamalo olimba. Pendeketsani mutu chambuyo pang'ono, kwezani chibwano, onani chifuwa kwa masekondi 10. Ngati sakupuma, kapena akungobefuka mwa apo ndi apo, tsinani mphuno ndi kumuuzira mpweya pakamwa kasanu, kulikonse mukuona chifuwa chikukwera. Kenako dinani pakati pa chifuwa ka 30, kuuzira kawiri, kudinanso ka 30, mothamanga ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Wamkulu mumudine ndi manja awiri, chifuwa chilowe masentimita 5 mpaka 6. Mwana, dzanja limodzi. Khanda, zala zazikulu ziwiri, manja atazungulira chifuwa, ndipo pouzira pakamwa panu paphimbe mphuno ndi pakamwa pake pamodzi. Wina athamangire galimoto, inu osaleka, muzisinthana mphindi ziwiri zilizonse. Akayamba kupuma mugonekeni chammbali, muvuleni zonyowa, mufunditseni.

Wotsitsimukayo apite kuchipatala ngakhale akuyenda yekha. Madzi ochepa amene analowa m'mapapo amatha kuyambitsa kubanika patapita maola angapo, mwana ali m'tulo.